Voti ya Harlan Tiedemann

Chisankho chinachitika Lachiwiri pa 8 Novembala. Pofika Lolemba pa 21, mavoti onse a m'boma la Juniper Flat, kum'mawa kwa Oregon, anali atawerengedwa, koma Noreen Urrutia anali akadali pa tebulo lake mu ofesi ya zisankho, maso ali pa pepala limodzi.

Linali pepala la mayina olembedwa pamanja. Pansi pa mayina a opikisana pa mpando uliwonse pamakhala mzere wopanda kanthu, kuti amene sakukhutira ndi onsewo alembepo munthu wake. Chaka chino ena analemba agalu awo. Wina analemba mkazi wake wakale, n'kuwonjezera mawu osayenera kubwereza. Mayina onse analipo 64, ndipo Noreen anawawerenga katatu.

"A Gus," anaitana. "Harlan mulibemo."

Gus Halvorsen, bambo wa zaka 71, anatsitsa magalasi. Lamulo salola munthu kugwira mavoti ali yekha: pamafunika awiri, a zipani zosiyana. Motero iye ndi Noreen anali atakhala pa tebulo limodzi zaka 19, osagwirizana pa china chilichonse kupatula khofi.

"Ndiye kuti Mayi Tiedemann atisiya," anatero Gus. "Maliro ake atiphonya bwanji?"

"Ali moyo. Chipinda chawo chayandikana ndi cha amayi anga kunyumba ya okalamba ku Willow Bench. Envulopu ya voti yawo inafika, ndipo sayini yake ndinaivomereza ndine."

Mu ofesi muja aliyense ankamudziwa Harlan Tiedemann. Anaima nawo pa ukhansala mu 1986 n'kugonja ndi mavoti 11 kwa bambo ake a Royce Pettengill, khansala wa lero. Anamwalira mu 2004. Chiyambire pamenepo, chisankho chilichonse, mkazi wake Opal ankalemba dzina lake pa mzere wa khansala. Wopeza pepalalo ankalikweza n'kunena kuti, "Harlan wapeza voti yake," ndipo onse ankapumira kaye kukamwa khofi. Kunja kwa chipinda chowerengera mavoti palibe amene ankazidziwa.

"Munthu wa zaka 88 amaiwala, achemwali," anatero Gus. "Ine dzulo ndinayika makiyi mufiriji."

"Inu munayamba kuiwala musanakalambe. Taonani izi."

Anamupatsa pepala lachiwiri. Kupatula mipando, anthu anavoteranso funso limodzi: kodi boma ligulitse malo a Willow Bench, nyumba yosungirako okalamba, pamodzi ndi kasupe wake, kwa kampani yothira madzi m'mabotolo? Royce Pettengill ndi amene analimbikitsa funsoli. Oti inde anali 2,110, oti ayi 2,101. Lamulo limati mabokosi atsegulidwenso ngati kusiyana sikuposa mavoti awiri pa chikwi chilichonse, ndiye kuti asanu ndi atatu pa mavoti amenewa. Kusiyana kunali asanu ndi anayi. Palibe amene akanatsegulanso bokosi, ndipo pa 5 Disembala mkulu wa zisankho anayenera kusayina kuti zotsatira zakhazikika.

Noreen anatsegula buku lolandirira maenvulopu. Ku Oregon munthu amavotera kunyumba: amaika pepala lovotera mu envulopu ya dzina lake, n'kusayina kunja kwake, n'kuitumiza kapena kuiponya m'bokosi la mavoti. Zaka zonse mavoti a ku Willow Bench ankabwera modontha, lero awiri, mawa imodzi, kwa milungu iwiri ndi theka. Chaka chino onse 31 anapezeka m'bokosi la pamsewu tsiku limodzi, Lolemba pa 24 Okutobala, 9 koloko m'mawa.

Dzina la 29 pa mndandandawo linali Pilar Urrutia. Noreen anakumbukira kuti Lamlungu lina anapita ndi cholembera kuti akathandize amayi ake kuvota monga mwa nthawi zonse. Amayiwo, amene sitiroko inawasiyira mawu ochepa, anangoti, "Zatha." Iye anali atatopa, ndipo sanafunsenso.

*

Lachiwiri pa 22, nthawi ya nkhomaliro, Noreen anayenda mailosi asanu ndi limodzi kupita ku Willow Bench. Chipale chofewa chinali mbuu m'mbali mwa msewu.

Mayi Opal Tiedemann anaphunzitsa pulayimale zaka 34, ndipo theka la boma linadutsa m'manja mwawo. Anawapeza pa mpando wa pawindo, akusongola pensulo ndi kampeni.

"Noreen Urrutia. Khala pansi, uwongole msana. Iwe umabwera Lamlungu, lero n'Lachiwiri. Walakwanji?"

"Aphunzitsi, ndifunseko. Munavota chaka chino?"

"Ndinasayina. Kuvota sindinavote. Zinthu ziwiri zosiyana zimenezo."

"Tandiuzani bwinobwino."

"Lachisanu pa 21 Okutobala, tsiku lokonzetsa tsitsi. Anatisonkhanitsa m'chipinda chodyera, ena mitu ili yonyowa. Aliyense anapatsidwa envulopu ya dzina lake. Akuti sayinani kaye, mapepala ovotera abwera mawa, sitikufuna kukutopetsani. Ine yanga ndinaipenyetsa kuwindo. Munalibe kanthu."

"Nanga mawa lakelo?"

"Ndikulidikirabe."

"Simunadandaule?"

"Kawiri, kwa namwino. Analemba m'buku kuti Mayi Tiedemann ayamba kusokonezeka. Ukafika zaka zanga, mwana iwe, chilichonse chimene unena chimasanduka matenda."

"Nditalemba zimenezi, mungasayine?"

"Ubwere nazo mawa, ndikonzenso zolakwika zako. Koma usaganize kuti Harlan ndinamutaya. Ndinamulemba."

Noreen anasendera pafupi. "Munamulemba pati, popeza pepala sanakupatseni?"

Mayi Tiedemann anatsegula pakamwa, kenako maso awo anadutsa paphewa la Noreen n'kuima pachitseko. Anatseka pakamwa.

"Mlongo wanga Noreen," anatero mawu ofatsa kumbuyo kwake. "Kani boma likukulipira kuti uzicheza ndi aphunzitsi?"

Royce Pettengill anali atadzaza khomo lonse, chipewa chili m'dzanja limodzi, chitumbuwa cha maungu m'dzanja linalo. Kupatula ukhansala, analinso wapampando wa komiti yoyang'anira nyumbayo, ndipo ankalowa osasayina m'buku la alendo. Anaphunzira kalasi imodzi ndi achimwene ake a Noreen. Anali kumwetulira. Noreen sanadziwe kuti waimapo nthawi yayitali bwanji.

*

Potuluka sanalunjike ku galimoto. Anatsikira m'chipinda chochapira, kumene makina atatu ankalindima, ndipo anapeza Yesenia Quiroz, mayi wosamalira okalamba kumbali ya amayi ake, akupinda nsalu zofunda.

"Musandifunse, mayi," anatero Yesenia asanafunsidwe n'komwe. "Amuna anga amadyetsa ng'ombe za abwana Royce. Nyumba tikukhala ija ndi yawo."

"Dzina lanu sindilemba paliponse. Mkulu wa nyumba ino anali kuti pa 21 Okutobala?"

"Ku Boise. Mwana wawo ankakwatiwa. Anachoka Lachinayi, anabwera Lachiwiri."

Zinali zoona. Noreen anachiona chithunzi cha ukwatiwo m'nyuzipepala ya pa 27.

"Makalata a okalamba amafikira kuti?"

"Mu ofesi."

"Makiyi a ofesi ndi angati?"

"Awiri."

"Ina ya mkuluyo. Inayo ya ndani?"

Yesenia anapinda nsalu imodzi pawiri, panayi, n'kuisalaza ndi chikhatho nthawi yayitali.

"Anabwera ndi zitumbuwa ziwiri za maapozi tsiku limenelo," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinangodula zitumbuwazo n'kugawa. N'zokhazo ndinachita ine."

"Zikomo."

Noreen atagwira chitseko, Yesenia analankhulanso, osatembenuka.

"Amayi anu amabayidwa jakisoni wa shuga kawiri pa tsiku. Kabati ya mankhwala ili mu ofesi momwemo. Ndangonena."

*

"Dzina losowa si umboni," anatero Gus masana omwewo. Anali atasiya nthabwala. "Akuluakulu a kulikulu amafuna dandaulo lolembedwa, losayinidwa ndi wovota. Popanda limenelo, Mayi Lindqvist satsegula bokosi."

Mayi Lindqvist anali mkulu wa zisankho m'bomalo, munthu wachilungamo koma wosasuntha popanda pepala.

Noreen analemba mawu a aphunzitsi aja pa tsamba limodzi, tsiku ndi malo zili pamwamba. Lachitatu pa 23, 10 koloko m'mawa, anagogoda pachitseko chawo. Panalibe woyankha. Atakankha, anapeza matiresi ali okhaokha, kabati ili pululu. Pawindo panali tizisongolero ta pensulo.

Namwino anayankha akuyang'ana m'buku. Galimoto ya chipatala inabwera 7:15. Panali kalata ya dokotala yoti matenda oiwala akula, ndipo awatumiza ku nyumba ina, mailosi 200 kumpoto. Alendo saloledwa mwezi woyamba.

Noreen anamusiya namwinoyo. Anapita pa chitseko chotsatira.

Royce anali atakhala pa bedi la amayi ake, akuwasisita dzanja lopuwala lija. Amayi Pilar anali pa njinga yawo ya olumala, maso ali kukhoma.

"Lowa, mlongo wanga. Ndikuwauza amayi za achimwene ako Martin, mmene tinkabera mavwende tili ana. Ali bwanji ku Bend?"

"Ali bwino."

"Zachisoni za aphunzitsi, eti? Mutu umatha pang'onopang'ono. Anayamba kunena zinthu zosaoneka." Anapukusa mutu. "Ndamva kuti ukufunsafunsa. Palibe cholakwika, ndi ntchito yako. Koma ine Lachisanu lija ndinali kuphiri kosaka nyama. Ufunse aliyense."

Noreen sanamutchulirepo tsiku lililonse. Anazindikira zimenezo, n'kuzisunga mumtima, nkhope yake osasintha.

"Malo ano akagulitsidwa," anapitiriza Royce, "okalamba adzagawidwa m'nyumba zina. Ena pafupi, ena kutali. Mndandanda ndikulemba ndine. Amayi akowa ndikufuna akhale pafupi nawe, uziwaona Lamlungu lililonse. Anthu a shuga amafuna diso. Wina kungolakwitsa muyezo pang'ono, basi, m'mawa tamva zina." Anaika dzanja la amayiwo pamiyendo pawo mosamala, ngati dzira. "Bambo anga ankakonda kunena kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogolera. Chimene wagwiracho n'chiyani?"

"Pepala la kuntchito."

"Ulisunge bwino."

Atatuluka, Noreen anapeza kuti walifinya pepalalo mpaka lanyowa ndi thukuta. Mboni imodzi inali itapita. Pa otsalawo, ambiri sankadziwa ngakhale tsiku. Wamutu wabwino amene akanasayina anali mmodzi, ndipo anali pa njinga patsogolo pake, jakisoni wake wotsatira ali 5 koloko.

*

Lachinayi pa 24 linali Tsiku Lothokoza, tsiku limene mabanja amatenga okalamba awo kuti akadye nkhukundembo kunyumba. Galimoto zinali ndandanda pakhomo la Willow Bench. Ndi tsiku lokhalo pa chaka limene munthu akanatulutsa kholo lake popanda womufunsa chifukwa.

Noreen sanatenge chikwama cha zovala. Anasiya chithunzi cha bambo ake pakhoma ndi nsapato zachiwiri pansi pa bedi. Anangowaveka amayi ake majuzi awiri. M'buku la pakhomo analemba nthawi yotuluka, 10:40, ndi nthawi yobwerera, 4:30.

Royce anali pakhomo, akugawa zitumbuwa kwa mabanja. Anatula thireyi n'kudzathandiza kukweza amayiwo m'galimoto, ndipo anawamanga lamba yekha.

"Jakisoni ndi 5 koloko, mlongo wanga. Musachedwe."

"Sitichedwa."

Madzulo a dzulo lake, pa foni ya Gus, anali atalankhula ndi Martin. Mkazi wa Martin anali namwino ku Bend, ndipo anati mankhwala awapeza. Kuchokera pamphambano ya Juniper Flat kukafika ku Bend ndi mailosi 140. Kwa Noreen kunali kumanzere. Anakhotera kumanja.

Atayenda mailosi atatu, anaona pagalasi galimoto yoyera ya bokosi. Royce anali ndi yoyera. Theka la alimi a m'bomalo analinso ndi zoyera. Anachepetsa liwiro, nayonso inachepetsa. Msewu unali wowongoka, wopanda nyumba, tchire lalifupi mbali zonse mpaka kumapiri. Foni inalibe netiweki.

"Sikwathu kuno," anatero amayi ake.

"Tikupita kwa achimwene."

Amayiwo anayang'ana msewu. Mawu ankawatulutsa limodzilimodzi, ngati akukoka madzi pachitsime chakuya.

"Wathawa."

"Inde, amayi."

"Wachita bwino." Anapuma. "Opal."

"Anawatenga dzulo m'mawa."

"Ndinamva. Anakuwa... dzina lako."

Noreen anagwiritsa chiwongolero. Galimoto yoyera inali idakali pambuyo, mtunda womwewo. Anawerenga zikwangwani za mailosi: 17, 18, 19. Pa 22 panali malire a boma. Itangotsala pang'ono kufika pamenepo, galimotoyo inaima m'mbali mwa msewu. Siinakhotere kulikonse. Inangoima, ikucheperachepera pagalasi mpaka inasowa.

"Amayi," anatero mawu atabwerera, "tsiku losayina lija munakhala pati?"

"Pafupi ndi Opal."

"Anandiuza kuti analemba dzina la amuna awo. Munaona?"

Mbali yamoyo ya nkhope ya amayiwo inakwera pang'ono. Kunali kumwetulira kwawo kwa masiku ano.

"Pensulo. Anali nayo... m'tsitsi. Royce atapita kotenga chitumbuwa, ine ndinatchinga. Ndi mbale."

"Analemba pati?"

"M'kati."

"M'kati mwa chiyani?"

"Envulopu, mwana iwe. Kuganiza pang'onopang'ono ngati bambo ako."

Noreen anaimika galimoto pambali n'kutsamira mutu pa chiwongolero. Maenvulopu amang'ambidwa ndi makina, pepala lovotera n'kusololedwa, ndipo palibe amene amasuzumira m'kati. Koma satayidwa. Lamulo limati asungidwe zaka ziwiri, iliyonse ndi dzina la mwini wake.

Anafika ku Bend 2:50. Jakisoni anabayidwa 5 koloko yeniyeni. Atatha kudya, Noreen anawawerengera amayi ake dandaulo mzere ndi mzere, n'kuwauza kuti akasayina sadzabwereranso ku Willow Bench, ndiponso kuti anthu adzati nawonso asokonezeka.

"Bweretsa," anatero amayiwo.

Anasayina ndi dzanja lamanzere. Zinawatengera mphindi zinayi.

*

Lolemba pa 28, 8:05 m'mawa, Mayi Lindqvist anawerenga dandaulolo ataimirira. Pa tebulo lawo panali kale pepala lokhazikitsira zotsatira, likudikira sayini.

"Iyi ndi sayini ya amayi anu?"

"Yerekezani nokha ndi ya m'kaundula. Ine sindiyenera kuiweruza."

Anayerekeza, kwa nthawi ndithu.

"Mukudziwa amene mukumuloza, Noreen? Mukalakwitsa, ntchito yatha. Yanga yomwe."

"Ndikudziwa. Ndikupempha envulopu imodzi yokha."

Kudzera pawindo, kutsidya kwa msewu, galimoto yoyera inali itaima kutsogolo kwa sitolo yosatsegula. Munali munthu. Mayi Lindqvist anaiona nawonso. Anatsitsa katani, n'kutulutsa makiyi m'kabati.

Chipinda chosungira chinali kunsi, chozizira. Analemba m'buku mayina atatu ndi nthawi, 8:31. Gus anatsitsa bokosi nambala 47, la pa 24 Okutobala, nadula chingwe chake, nawerenga mokweza nambala ya chidindo monga mwa lamulo.

"Mukapanda kupeza kanthu, achemwali, ndikuperekezani kosaka ntchito," anatero. Palibe anaseka, ngakhale mwini wake.

Maenvulopu a ku Willow Bench anali pamodzi. Noreen anawapyola ndi chala mpaka pa Tiedemann, Opal. Kunja kwake kunali sayini yoongoka ija, imene anaivomereza yekha. Sanaitsegule. Anaipereka kwa Mayi Lindqvist, amene anakanikiza m'mbali mwake kuti pakamwa pake payasame, n'kuipendeketsa kunyale.

Kunsi kwenikweni, kumene dzanja lothamanga kulonga mapepala 31 silikanaona, kunali mizere itatu ya pensulo, zilembo zazing'ono za mphunzitsi:

Envulopu iyi andipatsa yopanda kanthu, 21 Okutobala.
Wandipatsa ndi Royce Pettengill.
Khansala: Harlan Tiedemann.

Mayi Lindqvist anawerenga kawiri. Anaika envulopuyo m'thumba loonekera, namata, nasayina pamatapo, napereka cholembera kwa Gus, kenako kwa Noreen.

"Pepala lija sindisayina," anatero. "Ndikuimbira kulikulu tsopano lino. Awa 30 otsalawa palibe awagwire. Ndipo ndiwauza kuti mboni yawo yoyamba yatsekeredwa mailosi 200 kumpoto, akaitenge lero."

Anakwera masitepe mofulumira. Gus anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, nayang'ananso thumba lija.

"Harlan wapeza voti yake," anatero motsitsa.

Palibe amene anapita kukatenga khofi. Awiriwo anakhala pansi pafupi ndi bokosilo, wina uku wina uku, monga lamulo limanenera, kudikira kuti amve ngati mapazi oyamba kutsika masitepe akhale a ndani.